Kachipinda ka Pafupi ndi Khitchini

1. Mapiri oyera

Ramla atafika kwawo ku Ntaja kuchokera kusukulu yogonera konko ya ku Balaka, anapeza amayi ake, Abiti Chande, akumudikira pakhonde atagwira foni ndi manja awiri ngati dzira.

"Usayambe wavula nsapato," anatero mayiwo. "Amjomba ako akhala akuimba chiyambire m'mawa. Akuti uone zimene atumiza."

Amjomba a Ramla anali a Zubairu, mlongo wawo wa amayi ake. Iwo anapita ku Joni Ramla ali wakhanda, ndipo anayamba ndi kugulitsa masokosi m'mphepete mwa msewu. Tsopano anali ndi masitolo awoawo, galimoto, mkazi dzina lake Fauziya ndi ana atatu. Chimwalirireni bambo ake a Ramla, nkhani zonse za pakhomopo zinkathera kwa a Zubairu, pakuti ndiwo anali eni mbumba. Malata a nyumbayo anagula ndi iwo. Ngakhale dzina loti Ramla anatcha ndi iwo.

Ramla anatsegula vidiyo yoyamba. Anaona phiri loyera mbee kuyambira pansi mpaka pamwamba. Panalibe mtengo, panalibe udzu. Kenaka munthu anatulukira pamwamba penipeni atamanga matabwa awiri aatali kumapazi, ndodo m'manja monse, n'kuyamba kutsetsereka ndi liwiro loposa la njinga yamoto.

"Subhanallah!" anakuwa Abiti Chande. "Waterereka! Bwanji anzakewo sakumugwira?"

"Sanaterereke, amayi. Akuchita dala."

"Dala? Munthu wamkulu ndi ndevu zake?"

"Ndi masewera. Choyeracho ndi chipale chofewa. Tinaphunzira m'kalasi. Kukazizira kwambiri, m'malo mwa mvula kumagwa chimenechi, chofewa ngati ufa."

"Ndiye amakokera anthu kumeneko ngati chilango?"

"Iyayi, amayi. Amapita okha kukasangalala."

Abiti Chande anagwira pakamwa. Iwo mwezi wa Juni ukafika ankagona ndi malaya awiri, n'kumadandaulabe kuti mphepo yochokera kumapiri a Chikala iwapha. Zoti kuli anthu amene amanyamuka kunyumba zofunda kukafunafuna chisanu zinawapitirira.

Pansi pa mavidiyowo panali uthenga wa mawu. Ramla anautsegula, ndipo mawu aakulu a amjomba ake anadzaza khonde lonse.

"Ramla mwanangu, wamaliza Fomu 3, wachita bwino. Tsono mwezi wa Ogasiti uno ife tikupita kumapiri a ku Lesotho kukaona zimene ukuonazo. Iwenso ukubwera. Pasipoti ija ndinakupangitsira chaka chatha igwire ntchito. A Yunusu, amene amandinyamulira katundu pa minibasi yawo, adzakutenga pa Balaka. Kuhotela sitikufunako, chifukwa nyama yake sitidziwa amene anazinga. Tikufuna nyumba yodziphikira tokha, tidye zahalali. Ndatumiza malo awiri. Usankhe ndiwe. Koma uyang'anitsitse khitchini, wamva? Mawa madzulo tidzaimba kuti utiuze."

Ramla anangokhala pa chikwama chake. Iye anali asanapitirireko Blantyre.

2. Malo awiri

Tsiku lonselo foni sinachoke m'manja mwake.

Malo oyamba anali tinyumba tamatabwa tomangidwa m'tsinde mwenimweni mwa phiri. Munthu akatsegula chitseko ankaponda chipale pomwepo. Pafupi panali pobwereka matabwa ndi nsapato zake, komanso aphunzitsi a anthu oyamba kumene. Ramla anaona mtsikana wovala hijabu pansi pa chipewa cholimba akugwa chagada, akuseka, akudzukanso. Khitchini yake inali yaing'ono, ya sitovu yophikira miphika iwiri yokha.

Malo achiwiri anali chinyumba chamiyala cha pafamu, kutali ndi phirilo. Kuti munthu akafike kotsetserekako ankayenera kukwera galimoto. Koma khitchini yake inali yaikulu kuposa nyumba yonse ya Abiti Chande. Inali ndi sitovu yaikulu, mafiriji awiri, miphika yolendewera kudenga ndi chipinda chochapira. Pambali pake panali kachipinda kakang'ono ka bedi limodzi, kopanda zenera.

"Ine ndakonda tinyumba tamatabwati," anatero Ramla madzulo akusenda chinangwa ndi amayi ake. "Ndikaphunzira kutsetsereka ngati mtsikana uja. Anzanga kusukulu sakakhulupirira."

"Udzathyoka miyendo iwe."

"Sindidzathyoka. Koma amayi, amjomba sananene tsiku lobwerera. Sukulu itsegula Sepitembala, ndipo ndi Fomu 4. Mawa ndiwafunsa."

Abiti Chande anaika mpeni pansi. Anamuyang'ana mwana wawo ngati watukwana.

"Uwafunsa chiyani?"

"Tsiku lobwerera."

"Ramla, khala bwino undimvere. Kusukuluko akuphunzitsani kufunsa mafunso, ndipo n'zabwino m'kalasi. Koma kuno kuli mafunso ena amene mwana safunsa. Mjomba akaitana mwana wa mlongo wake, mwanayo amanyamuka. Safunsa kuti mundibweza liti, chifukwa kutero n'kunena kuti nyumba ya mjombayo ndi yachilendo. Nyumba ya a Zubairu ndi nyumba yako. Iwe ndiwe magazi awo kuposa ana amene abereka ndi Fauziya. Pa ukwati wako adzakhala kutsogolo ndi iwo. Ine ndikadzafa, adzakusunga ndi iwo. Bambo ako atamwalira, abale awo anabwera kudzatenga njinga ndi wailesi, n'kupita osacheuka. Anatsala ndani? Lero munthu yemweyo akukutengera kumalo kumene ngakhale aphunzitsi ako sanapondeko, iwe n'kumupatsa malire ngati waganyu? Akudziwa kuti uli pasukulu. Anakupititsa kusukuluko ndi iwo. Nthawi ikakwana adzakubweza okha. Usandichititse manyazi, wamva?"

"Ndamva, amayi."

Ramla anatola chinangwa china n'kupitiriza kusenda.

3. Jekete ya pakaunjika

M'mawa mwake anakwera kabaza kupita kumsika wa Ntaja kukafuna chovala cha mphepo. Pamulu wa kaunjika anapeza jekete yofiira, yonenepa ngati pilo, yokhala ndi ubweya m'khosi. Wogulitsa anaseka.

"Imeneyo yakhala pano chaka chathunthu. Anthu akuti ndi matiresi. Mukupita kukagona mufiriji, achemwali?"

Zipi ya jeketeyo inali yothothoka mano, choncho Ramla anapita nayo kwa Mayi Bernadetta, telala amene ankasoka pakhonde la sitolo ina pafupi ndi mzikiti. Mayiwa anali a Katolika, ndipo ndiwo ankasoka mayunifomu onse a Ramla kuyambira ali Sitandade 1.

"Iiih, mwana iwe, chimenechi n'chovala kapena chofunda?" anafunsa Mayi Bernadetta akuitembenuza.

Ramla anawafotokozera zonse, nawaonetsa mavidiyo. Mayiwo anasiya kupalasa makina. Ataona anthu akukwera phiri atakhala pamipando yolendewera pachingwe, anadzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Mariya Woyera! Chingwecho chikaduka?"

"Sichiduka, amayi."

"Wachiyesa ndiwe?"

Kenaka Ramla anawaonetsa nyumba ziwiri zija, n'kuwatsegulira uthenga wa amjomba ake kuti amve okha. Mayi Bernadetta anamvetsera mpaka kumapeto. Nkhope yawo inasintha.

"Bwereza pomalizapo."

Ramla anabwereza. "Koma uyang'anitsitse khitchini, wamva?"

"Ndionetsenso chinyumba chamiyalacho. Iyayi, osati pabalaza. Pita kumbuyoko. Ima pomwepo. Kachipinda aka n'ka ndani?"

"Kaya. Mwina n'kosungira katundu."

"Katundu amagona pabedi?"

Ramla anayang'anitsitsanso kachipindako.

Mayi Bernadetta anavula magalasi awo n'kuwaika pamakina.

"Ramla, khala pabenchipo. Ine sindikuwaneneza amjomba ako. Ndimawadziwa, ndi munthu wopatsa. Koma ndakhala zaka zambiri padziko, ndipo sindinaonepo mlendo akuuzidwa kuti ayang'anitsitse khitchini. Mlendo amamuonetsa pogona ndi posamba. Khitchini amaonetsa amene adzaphikemo.

"Ine ndili ngati iwe, ndinali woyamba m'kalasi mwathu ku Mposa. Azakhali anga anabwera kuchokera ku Zomba, nati tiyeni naye mwanayu akapume pa tchuthi, akaone magetsi. Ndinavina tsiku limenelo. Amayi anga anandisokera diresi. Palibe amene anafunsa za kubwerera, chifukwa kufunsa kunali mwano. Nditafika ndinapeza azakhali ali ndi pakati, wantchito wawo atachoka. Anati thandiza pang'ono mpaka mwana abadwe. Mwana atabadwa anati dikira ayambe kukwawa. Atayamba kukwawa anati chaka chapita kale, udzayambira Januwale. Januwale atafika kunali pakati pena. Sanandimenyepo, sanandimane chakudya. Ankandiveka bwino. Koma pamene ndimabwerera kumudzi, anzanga amene ndinkawaposa m'kalasi anali anamwino ndi aphunzitsi, ine ndikudziwa kuchapa matewera basi.

"Anthu amaopa munthu wachilendo wolonjeza ntchito kunja, ndipo amachita bwino kumuopa. Koma atsikana ambiri amene ndawaona akutaya sukulu sanatengedwe ndi achilendo. Anatengedwa ndi abale owakonda, pa tchuthi, atavala zatsopano. Mwina ine ndalakwitsa, ndipo ndingakondwe nditalakwitsa. Njira yodziwira ndi imodzi yokha. Funsa tsiku lobwerera. Ufunse mwaulemu, utagwada, koma ufunse. Munthu amene akufunadi kukubweza savutika kutchula tsiku."

"Amayi andiletsa," anatero Ramla motsitsa mawu.

"Amayi anganso akanandiletsa. Ali kumanda tsopano, ndipo makinawa ndikupalasa ndine."

Mayi Bernadetta anavalanso magalasi, nasoka zipi yatsopano. Ramla anabwerera kunyumba wapansi, jekete ili m'khwapa, osamva ngakhale mabelu a akabaza amene ankamuitana.

4. Funso

Foni inalira atangomaliza kupemphera swala ya madzulo. Ramla anaiimika pampando, iye ndi amayi ake n'kukhala pamkeka moyang'anana nayo.

Pafonipo panaoneka a Zubairu atavala kanzu yoyera, ali pasofa lalikulu. Pambali pawo panali akazi awo, a Fauziya. Ana ankadumphadumpha kumbuyo. A Fauziya atatembenuka kuti awakalipire, Ramla anaona kuti ali ndi pakati potopa.

Atapatsana moni ndi kufunsana za odwala ndi za mbewu, a Zubairu anaomba m'manja.

"Chabwino! Wophunzira wathu, tiuze. Wasankha kuti?"

"Ndasankha tinyumba tamatabwa, amjomba. Tili pafupi ndi phiri, ndiponso pali aphunzitsi. Ndikufuna ndikaphunzire kutsetsereka."

A Fauziya anaseka mpaka kugwira mimba.

"Iwe Ramla! Sunaone sitovu yake? Miphika iwiri! Ukaphika bwanji pamenepo?"

"Ndikaphika, anti?"

"Nanga? Tikupita mabanja atatu, ife ndi anzawo awiri a bizinesi a amjomba akowa, onse ndi ana awo. Anthu akamachokera kozizira kuja amabwera ndi njala ya nkhondo. M'mawa tiyi ndi chapati, masana mpunga, madzulo nyama. Ine ndi mmene ndililimu sindingaime nthawi yaitali. N'chifukwa chake tinati usankhe wekha, poti khitchiniyo ukhalamo ndiwe. Ife timayesa usankha yamiyala ija. Ili ndi kachipinda kako pompo, sudzavutika kudzuka."

Ramla anatembenuka. Anayang'ana amayi ake. Abiti Chande anali atayang'ana pamkeka.

"Nanga kuphiri kuja ndidzapita nthawi yanji?" anafunsa Ramla.

"Tsiku lina tidzakutenga ukajambulitse," anatero a Zubairu mokoma mtima. "Ukatumize zithunzi kwa anzako. Koma zotsetserekazo zisiye, mwanangu. Ukathyoka mwendo, ang'onoang'onowa adzawayang'ana ndani?"

Mwana wamkulu wa a Zubairu anakankhira nkhope yake pafoni. "Asisi Ramla! Amayi akuti mudzagona m'chipinda mwa anti Luckness, antchito athu aja, kunyumba kwathu kuno. Iwo anapita kwawo. Mumadziwa kuphika makaroni?"

"Choka apa iwe!" anatero a Fauziya akumukoka.

Ramla anagwada bwinobwino pamkeka, naika manja pamaondo. Amayi ake anamutsina pantchafu. Iye sanasunthe.

"Amjomba, pepani. Ndili ndi funso."

"Funsa."

"Sukulu itsegula Sepitembala. Ndidzabwerera tsiku liti?"

Ngakhale ana aja anasiya kudumpha. A Fauziya anayang'ana amuna awo. Abiti Chande anaphimba nkhope ndi nsalu yawo.

"Wati chiyani?" anafunsa a Zubairu.

"Tsiku lobwerera, amjomba. Ndikupita Fomu 4."

A Zubairu anasendera kutsogolo mpaka nkhope yawo inadzaza foni yonse.

"Ramla, ine ndinakunyamula m'manja awa usanatsegule maso. Lero ukundifunsa tsiku ngati ndine kondakitala wa basi? Mvera ndikuuze. Sukulu sithawa. Anti akowa akachira, mwana akalimba, tidzaona. Mwina Januwale, mwina chaka chinacho. Kunonso sukulu ziliko, zabwino kuposa za ku Balaka. Ndiponso tandiuza, amene anamaliza Fomu 4 pa Ntaja pomwepo akuchita chiyani? Si omwewo akupalasa kabaza? Si omwewo amandiimbira usana ndi usiku kuti ndiwapezere malo kuno? Ine ndinalekera Sitandade 6, koma ndalemba ntchito anthu a madigiri. Iwe ndikukutsegulira chitseko chimene ena amachilirira. Ukhala m'nyumba mwanga, udya chimene ndikudya, uphunzira bizinesi. Mwamuna wabwino ndidzakupezera ndine. Kodi mwana kuthandiza pakhomo pa mjomba wake ndi ukapolo? Tsono leka zamwanozo. Nena kuti wasankha nyumba yamiyala, tilipire lero."

Ramla anawongola msana n'kuyang'ana amjomba ake.

"Amjomba, ndikuthokoza pa zonse zimene mwatichitira. Kukaphika pa tchuthi sindikukana. Ndikhoza kuphikira mabanja onse atatu, m'nyumba iliyonse imene mungakonde. Koma ngati palibe tsiku lobwerera sukulu isanatsegule, ine sindisankha nyumba. Sindikwera minibasi ya a Yunusu. Ndibwerera ku Balaka."

"La ilaha!" anafuula a Fauziya. "Mwana ameneyu!"

A Zubairu anamuyang'ana ngati sakumudziwa.

"Chemwali," anaitana. "Abiti Chande! Chotsani nsaluyo kumaso. Mwamva zimene wanena mwana wanu? Mwamulera ndinu. Muuzeni."

Abiti Chande anatsitsa nsalu pang'onopang'ono. Maso awo anali ofiira. Anayang'ana Ramla, anayang'ana jekete yofiira imene inali pa chikwama pafupi ndi chitseko, kenaka anayang'ana foni.

"Achimwene," anatero ndi mawu aang'ono, "mwanayu ndinamuletsa. Dzulo lomweli ndinamuuza kuti asafunse. Ndinamuuza kuti inu mukudziwa kuti ali pasukulu, ndipo mudzamubweza nokha."

"Ndiye muuzeninso."

"Ndinamuuza choncho chifukwa ndinkakhulupirira choncho." Anakweza mutu. "Pepani, achimwene. Koma tsikulo nanenso ndikufuna kulimva."

Ramla anatembenuka kuyang'ana amayi ake, kukamwa kuli yasa. Chibadwire chake anali asanawamvepo akuwayankha a Zubairu mawu ena oposa "eya" ndi "zikomo".

Nkhope ya a Zubairu inazimiririka. Foni inada.

5. Chingwe cha pabwalo

Awiriwo anatsala pamkeka. Kunja mbuzi za oyandikana nawo zinkalowa m'khola, ndipo ana ankathamangitsana pamsewu ngati palibe chimene chachitika.

"Ndanena ine zimenezija?" anafunsa Abiti Chande patapita nthawi. "Kwa achimwene? Ndi pakamwa pangapa?"

"Mwanena, amayi."

"Kachipinda kopanda zenera," anatero mayiwo ngati akuyankhula okha. "Ndinakaona dzulo pamene unkandionetsa. Ndinakaona, koma ndinauza maso anga kuti sanaone."

Ramla anadzuka, natenga jekete ija. Anaipinda bwinobwino, ubweya m'kati, n'kuilowetsa pansi penipeni pa chikwama. Anatsegulanso foni, nayang'ana komaliza mtsikana wa hijabu uja akugwa m'chipale ndi kuseka. Kenaka anaitseka.

Nthawi yomweyo foniyo inalira kamodzi. Unali uthenga wa mawu. Ramla anayang'ana amayi ake, ndipo iwo anagwedeza mutu kuti autsegule.

Mawu a a Zubairu sanali okalipa. Anali ozizira, oyankhulidwa pang'onopang'ono.

"Abiti Chande. A Yunusu anyamuka kuno mawa ndi katundu wa ku Balaka. Mpando wakutsogolo ndikhalapo ndine. Uzani mbumba yonse, a ku Mposa ndi a ku Nayuchi omwe, kuti ndidzawapeze pakhomopo. Ndikufuna ndidzamve pamaso pa onse ngati ndikadali mwini mbumba kapena ayi."

Uthengawo unathera pomwepo.

Abiti Chande anakweza maso n'kuyang'ana malata a padenga, limodzi ndi limodzi, kuyambira kukhomo mpaka kuchipinda. Ramla anadikira kuti amuuze kuti akapepese.

Mayiwo anadzuka, namanga nsalu yawo molimba m'chiuno.

"Yunifomu yako ili kuti?"

"Ili m'chikwama, amayi. Ndi yakuda."

"Mawa m'mawa uichape. Usakayanike kuseri kumene timayanika masiku onse. Uyanike pachingwe cha pabwalo, choyang'ana kumsewu."

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Ikauma usaichotse," anatero Abiti Chande akutsegula chitseko. "Amjomba ako akamadzatsika m'galimoto, ndikufuna chinthu choyamba kuchiona chidzakhale chimenecho."